Galimoto ya BYD Qin: kumene imapangidwira ndi kumene zitsulo zake zimachokera

Mu Febuluwale 2024 kampani ya BYD inatsitsa mtengo wa galimoto yake ya Qin Plus DM-i kufika pa 79,800 yuan, zomwe nthawi imeneyo zinali madola a ku America oposa pang'ono 11,000. Iyi ndi saluni yathunthu, ya zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, yotalika kuposa mamita 4.7, ndipo imayendera petulo komanso magetsi ochita kutchaja. Kwa zaka zambiri msika wa galimoto za msinkhu umenewu ku China unali m'manja mwa Nissan Sylphy, Volkswagen Lavida ndi Toyota Corolla. Qin inawalanda malo n'kukhala saluni yogulidwa kwambiri m'dzikomo.

Mukafunsa chomwe chimatsitsa mtengo chonchi, ambiri amayankha mwachangu kuti antchito a ku China salipidwa zambiri, kapena kuti boma limathira ndalama m'makampani. Zonsezi zili ndi choonadi chake, koma sizikwanira, chifukwa Sylphy ndi Lavida nazonso zimapangidwa ku China komweko, ndi antchito a dziko lomwelo. Kusiyana kwenikweni kumaoneka munthu akatsata galimotoyo kubwerera m'mbuyo, kuchoka pachipata cha fakitale kukafika kumene chitsulo chilichonse chinayambira.

Kwawo kwa Qin ndi ku Xi'an, likulu la chigawo cha Shaanxi. Mzindawu uli mkati mwenimweni mwa dziko, kutali ndi nyanja, m'chigwa cha mtsinje wa Wei, ndipo kum'mwera kwake kuli mapiri a Qinling. Mumakhala anthu pafupifupi 13 miliyoni. Alendo amaudziwa chifukwa cha asilikali oumbidwa ndi dothi amene alimi ena anawapeza mu 1974 akukumba chitsime, pafupi ndi manda a mfumu yoyamba ya ufumu wa Qin, ndipo galimotoyi inatenga dzina la ufumu womwewo. Mafakitale a BYD ali kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda: yakale ili m'dera la mafakitale a luso lamakono, ina yaikulu ili ku Caotang m'boma la Huyi, ndipo yatsopano ili ku Jixian m'boma la Zhouzhi. Mu 2022 mzinda wa Xi'an unatulutsa magalimoto oyendera magetsi oposa 1 miliyoni, n'kupambana ngakhale Shanghai, ndipo pafupifupi onsewo anali a BYD.

Komatu BYD si ya ku Xi'an. Inabadwira ku Shenzhen, kum'mwera, pafupi ndi Hong Kong, mu 1995, ndipo sinkapanga galimoto ayi. Wang Chuanfu, katswiri wa mabatire, anaiyambitsa kuti izipanga mabatire a mafoni a m'manja, ndipo m'kupita kwa nthawi Motorola ndi Nokia anakhala makasitomala ake. Pamenepo m'pamene panayambira khalidwe limene likuonekabe mpaka lero. Makampani a ku Japan ankapanga mabatire ndi makina odziyendetsa okha, okwera mtengo kwambiri. Wang analibe ndalama zogulira makina otero, choncho anagawa ntchitoyo m'tizigawo ting'onoting'ono, n'kulemba anthu ambiri, n'kumadzipangira yekha zida zothandizira manja awo. Kampaniyo inazolowera kuti chinthu chikadula pamsika, njira yake ndi kuphunzira kuchipanga.

Nanga anakafika bwanji ku Xi'an? Chinamutengera kumeneko ndi laisensi. Ku China munthu sangangomanga fakitale n'kuyamba kugulitsa magalimoto. Pamafunika chilolezo cha boma, ndipo nthawi imeneyo kampani yosakhala ya boma inkavutika kwambiri kuti ichipeze. Njira yachidule inali kugula kampani yomwe ili nacho kale. Ku Xi'an kunali Qinchuan, kampani yochokera m'gulu la mafakitale a zida zankhondo, yomwe inkapanga kagalimoto kakang'ono ka Suzuki Alto mwa chilolezo cha eni ake, kenako kena kotchedwa Flyer. Mu Januwale 2003 BYD inagula 77 peresenti ya Qinchuan pamtengo wa pafupifupi 270 miliyoni yuan. Eni masheya ku Hong Kong sanakondwe nazo, ndipo mtengo wa masheya a kampaniyo unagwa kwambiri m'masiku ochepa. Iwo ankaona kuti wopanga mabatire a foni walowa m'munda wa eni.

Sanalakwitse kwenikweni kukayikira. Galimoto yoyamba imene BYD inadzijambulira yokha ogulitsa anaikana, ndipo sinafike pamsika. Yachiwiri, F3, inatuluka mu 2005 ku Xi'an komweko, ndipo aliyense woiona ankadziwa kuti yatengera maonekedwe a Toyota Corolla. Injini ya F3 zoyambirira inali ya mtundu wa Mitsubishi, yogula kwa ena. Koma inali yotchipa, ndipo mu 2009 inakhala saluni yogulidwa kwambiri ku China. Qin yoyamba inabwera kumapeto kwa 2013. Kuchokera pa F3 ya injini yobwereka kufika pa Qin Plus ya 2021 padutsa zaka 16, ndipo nkhani yonse ya zaka zimenezo ndi ya kampani ikulowetsa m'nyumba mwake chinthu chimodzichimodzi chimene poyamba inkagula kunja.

Izi sizikanatheka pakanapanda maziko amene dziko lonse linayala kale. Pamene Volkswagen inayamba kupanga Santana ku Shanghai m'zaka za m'ma 1980, zinthu za m'dzikomo zimene zinkalowa m'galimotoyo sizinkafika ngakhale 3 peresenti: matayala, wailesi ndi tina tochepa. Zina zonse zinkabwera m'mabokosi kuchokera ku Germany. Akuluakulu a boma, kuphatikizapo Zhu Rongji ali meya wa Shanghai, anaumirira kuti zimenezi zisinthe, ndipo Ajeremani nawonso anaumirira kuti sadzalandira chitsulo chosafika pamuyezo wawo. Kukokanakokana kumeneku kunaphunzitsa mafakitale mazanamazana a ku China kupanga zinthu zoyezedwa bwino, zofanana lero ndi mawa. Lamulo la 1994 linakhwimitsa zinthu: kampani yakunja sinkaloledwa kukhala ndi masheya opitirira theka m'fakitale ya magalimoto, ndipo inkayenera kuyamba ndi zipangizo za m'dzikomo zosachepera 40 peresenti. Pamene makampani a eni dziko monga Geely, Chery ndi BYD ankadzuka, anapeza opanga mabuleki, mipando, magalasi ndi nthambo ali kale pamalo, ataphunzitsidwa ndi alendo.

Kenako boma linaika dzanja pa magalimoto amagetsi. Kuyambira 2009 mpaka kumapeto kwa 2022 linkapereka ndalama zothandizira ogula, ndipo kuyambira 2014 linawachotsera msonkho wogulira galimoto. Pakati pa 2015 ndi 2019 panalinso mndandanda wa opanga mabatire ovomerezeka, ndipo galimoto inkalandira thandizo pokhapokha batire lake litachokera kwa iwo. Makampani akunja a LG, Samsung ndi Panasonic sanali pamndandandawo. Amene amati boma linathandiza sanama. Chimene ndimatsutsa ndi kuganiza kuti thandizolo palokha linapanga galimoto, pakuti makampani ambiri analandira ndalama zomwezo n'kufa osasiya kanthu.

Tilowe m'fakitale. Galimoto iliyonse ya mtundu uwu imadutsa m'nyumba zinayi. M'nyumba yoyamba mumalowa malata achitsulo okulungidwa m'mipukutu yolemera matani angapo. Makina amawatambasula, kuwadula, n'kuwaika pakati pa zikombole ziwiri zachitsulo, china pansi china pamwamba. Mfundo yake ndi ya chikombole cha njerwa: mmene chikombole chilili, ndi mmenenso chotulukamo chidzakhalire, ndipo chikapotoka pang'ono zonse zotulukamo zimapotoka. Kusiyana kwake n'kwakuti apa chapamwamba chimatsika ndi mphamvu ya matani masauzande, pansi n'kunjenjemera, ndipo m'masekondi ochepa lata losalala lasanduka chitseko kapena boneti. M'nyumba yachiwiri maloboti amagwira zidutswazo n'kuziwotcherera pamalo masauzande angapo, moto uli thethethe, mpaka thupi la galimoto litaima lopanda utoto. M'nyumba yachitatu thupilo limamizidwa lonse m'thanki la mankhwala oletsa dzimbiri, kenako limapoperedwa penti n'kuumitsidwa mu uvuni. Anthu ambiri amapezeka m'nyumba yachinayi, mmene galimoto zimayenda pang'onopang'ono pamzera: wina akulowetsa mtolo wa nthambo, wina akumanga dashibodi, batire likukwezedwa kuchokera pansi n'kumangidwa kumimba kwa galimoto, mipando, magalasi, matayala, kenako wina amailiza n'kuitulutsa.

Zikombole zija anthu saziganizira, koma ndi zina mwa zinthu zodula ndi zovuta kwambiri pa ntchito yonseyi. Galimoto yatsopano imafuna zikombole mazanamazana, ndipo wochita kugula kwa ena amadikira miyezi. BYD inagula fakitale ya zikombole ku Beijing itangolowa kumene m'malonda a galimoto, ndipo mu 2010 inagulanso fakitale ya Ogihara ku Tatebayashi m'dziko la Japan, kwa akatswiri odziwika pa ntchitoyi. N'chifukwa chake imatha kusintha maonekedwe a galimoto kawirikawiri popanda kupempha nthawi kwa munthu.

Chinthu chodula kwambiri m'galimoto yamagetsi ndi batire, ndipo apa m'pamene BYD ili kwawo. Mu Malichi 2020 inatulutsa batire lotchedwa Blade. M'malo mwa timabatire tating'ono tolongedzedwa m'mabokosi, mabokosiwo n'kulongedzedwanso m'bokosi lalikulu, anapanga maselo aatali ndi opyapyala. A m'galimoto zikuluzikulu amatalika masentimita 96, kukhuthala kwake osafika masentimita awiri, ndipo amaimikidwa moyandikana n'kumathandiza kulimbitsa bokosilo. Mkati mwake muli lithium, chitsulo ndi phosphate. Mulibe cobalt, mulibe nickel, miyala iwiri yodula imene makampani ena ankadalira. Batire lotere silisunga magetsi ambiri pa kilogalamu ngati la nickel, koma ndi lotchipa, limakhalitsa, ndipo siligwira moto msanga. Kampaniyo inaonetsa zimenezi poboola selo ndi msomali pamaso pa anthu. Mabatire a Blade oyamba anapangidwira ku Bishan mumzinda wa Chongqing, koma ku Xi'an nakonso kuli fakitale ya mabatire, imene mgwirizano woimanga unasainidwa mu 2018. Batire ndi lolemera ndipo malamulo olinyamulira ndi okhwima, choncho kulipanga pafupi ndi mzera wa galimoto kumapulumutsa ndalama zambiri. Qin Plus DM-i ya 2021 inkabwera ndi batire laling'ono la 8.3 kWh kapena lalikulupo la 18.3 kWh, lokwanira maulendo a m'tauni, injini ya petulo n'kumathandiza paulendo wautali.

Injiniyo ndi ya malita 1.5, yopangidwa ndi BYD yomwe. Inakonzedwa kuti nthawi zambiri izingopukusa jenereta, mota yamagetsi ndiyo izitembenuza matayala, ndipo imalumikizidwa ku matayala mwachindunji makamaka pa liwiro la pamsewu waukulu. Pachifukwa ichi giyabokosi ya magiya ambiri sifunika, ndipo apa m'poyenera kuima pang'ono. Kwa zaka zambiri makampani a ku China ankalephera kupikisana ndi a ku Japan ndi Germany pa magiyabokosi odzisintha okha, ndipo ankachita kuwagula mokwera mtengo kwa Aisin, ZF ndi ena. BYD sinapambane mpikisano umenewo. Inapanga galimoto yosafuna chinthucho. Mu Meyi 2024, pamwambo umene unachitikira ku Xi'an, inatulutsa Qin L yoyambira pa 99,800 yuan, n'kunena kuti imamwa malita 2.9 pa makilomita 100 ndipo ingayende makilomita 2,100 thanki ndi batire zili zodzaza. Manambala amenewa ndi a kampani, ochokera m'mayeso ofewa, ndipo woyendetsa pamsewu weniweni asayembekezere kuwapeza ndendende.

Mota, magetsi akutsogolo, eyakoni, mabampa, mabokosi a kompyuta oyendetsa galimoto, zonsezi zimachokera ku nthambi za kampani yomweyo, zimene kuyambira 2020 zambiri zimadziwika ndi dzina la FinDreams. Ngakhale ma chip a mphamvu otchedwa IGBT, amene amasintha magetsi a batire kuti mota iwagwiritse ntchito, BYD imapanga yokha, kuchokera pamene inagula fakitale ina yomwe inkagwa ku Ningbo mu 2008. Mu 2023 akatswiri a banki ya UBS anaphwasula galimoto ina ya kampaniyi, Seal, n'kupeza kuti pafupifupi 75 peresenti ya zipangizo zake zinali zopangidwa m'nyumba. Makampani akale a ku Europe, America ndi Japan anayenda njira yosiyana ndi imeneyi: anagulitsa nthambi zawo za zipangizo n'kumagula kwa ena, aliyense wa iwo akuikapo phindu lake. Chimene chinatsitsa mtengo kufika pa 79,800 yuan, mbali yake yaikulu ndi phindu la anthu apakati limene BYD silipira. Mtolo wake ndi wolemeranso: mu 2024 kampaniyi inali ndi antchito oposa 900,000, ndipo malonda akatsika onsewo amafunabe malipiro.

Ku China anthu amakonda kunena kuti BYD imapanga zonse kupatula matayala ndi magalasi. Ndi kukokomeza, koma kumatilozera ku funso lenileni: zotsalazo zimachokera kuti? Lamulo lake ndi losavuta. Chinthu chachikulu, chopepuka ndi chodya malo, monga mpando, thanki ya mafuta kapena chophimba cha mkati mwa chitseko, chimapangidwa pafupi, chifukwa kuchinyamula ulendo wautali ndi kulipirira mpweya. Chinthu chaching'ono ndi chodula chingachokere kulikonse. Choncho mozungulira Caotang ndi Jixian mwamera mafakitale a zinthu zikuluzikuluzo, ndipo malole amayenda mtunda waufupi kukatula katundu pa ola limene akufunika. Magalasi a galimoto m'dzikomo ambiri ndi a Fuyao, kampani ya ku Fujian yomwe ili ndi mafakitale m'zigawo zambiri. Malata abwino a thupi la galimoto amachokera ku makampani akuluakulu a zitsulo monga Baosteel ya ku Shanghai.

Apa Xi'an ili ndi chofooka chimene akuluakulu a Shaanxi akhala akudandaula nacho poyera kwa zaka zambiri: gawo la zipangizo zopangidwa m'chigawomo linali lochepa poyerekeza ndi la kum'mawa. Mtima wa opanga zipangizo za galimoto ku China uli kumathiriro a mtsinje wa Yangtze, ku Shanghai, Jiangsu, Zhejiang ndi Anhui, kumene amanyadira kuti fakitale ingapeze chilichonse chimene ikufuna pamtunda woyenda maola anayi pa lole. Tesla ya ku Shanghai imanena kuti zoposa 95 peresenti za zipangizo zake ndi za m'dzikomo, zambiri zochokera m'dera lomwelo. Xi'an ili makilomita oposa 1,000 kuchoka kumeneko. Sikuti inali yopanda kanthu. Ili ndi mayunivesite amphamvu pa uinjiniya monga Xi'an Jiaotong, Northwestern Polytechnical ndi Chang'an, ilinso ndi Fast Gear yopanga magiyabokosi a malole, komanso Shaanxi Automobile, eni malole a Shacman amene amaoneka m'misewu ndi m'migodi ya kum'mwera kwa Africa kuno. Koma luso la malole silofanana ndi la saluni. Ndikuona kuti kutalikirana ndi ogulitsa zipangizo kunalimbikitsa BYD pa chizolowezi chake chodzipangira zinthu, ndipo kukula kwa BYD ndiko kukukoka ogulitsawo kuti asamukire ku Shaanxi tsopano.

Tikatsata batire kubwerera m'mbuyo, timatuluka mu Shaanxi msanga. Ufa wakuda umene umapakidwa mbali imodzi ya selo umapangidwa ndi makampani monga Hunan Yuneng, mmene BYD ili ndi masheya, ndipo phosphate yake imakumbidwa ku Yunnan, Guizhou, Sichuan ndi Hubei. Graphite ya mbali inayo nayonso imayengedwa ku China, dziko limene limagwira pafupifupi msika wonse wa ntchito imeneyi. Maginito a mu mota amafuna miyala yosowa yochokera ku Baotou ku Inner Mongolia ndi ku Ganzhou ku Jiangxi. Lithium ina imatengedwa m'nyanja zamchere za kumapiri: BYD inagula gawo la mgodi wa nyanja ya Zhabuye ku Tibet mu 2010, ndipo mu 2018 inatsegula fakitale ya mabatire ku Xining m'chigawo cha Qinghai, kufupi ndi nyanja zamchere za kumeneko.

Koma lithium ya m'dzikomo siikwanira. China imayenga yoposa theka la lithium ya padziko lonse, pamene miyala yake yambiri imabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Australia, ndipo mchere wake wina umachokera ku Chile ndi Argentina. Zimbabwe nayo inalowa m'ndandandawu mwamphamvu mu 2022, pamene kampani ya ku China ya Sinomine inagula mgodi wa Bikita pa madola 180 miliyoni ndipo inzake ya Huayou Cobalt inagula wa Arcadia, kufupi ndi Harare, pa madola 422 miliyoni. Chaka chomwecho BYD inagula masheya mu Chengxin Lithium, kampani imene ili ndi mgodi wa Sabi Star m'dzikomo. Mu Disembala 2022 boma la Zimbabwe linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonzedwa, pofuna kuti ntchito ina yoyenga izichitikira kwawo. Mkuwa wa nthambo ndi wa mota nawonso China imagula wambiri kunja, kuphatikizapo ku Zambia ndi ku Congo. Chitsulo cha malata chimayamba ngati miyala ya ku Australia ndi Brazil, ndipo mphira wa matayala wambiri ndi wa ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo. Galimoto imene imatchedwa ya m'dziko imayambira m'nthaka ya maiko ena, koma phindu lalikulu limatsalira kwa woyenga ndi wopanga, osati kwa wokumba. N'chimene akuluakulu a ku Harare anaona.

Kwinanso kumene China ikudalirabe alendo ndi pa ma chip ang'onoang'ono oganiza. Makampani monga Infineon, NXP, Renesas ndi Texas Instruments akadali ndi gawo lalikulu pa ma chip olamulira mbali zosiyanasiyana za galimoto, Qualcomm pa masikirini a kutsogolo, ndi Nvidia pa makompyuta othandiza kuyendetsa m'galimoto zodula. Ma chip atasowa padziko lonse mu 2021, BYD inavutika pang'ono poyerekeza ndi anzake, koma sinapulumukiretu.

Chaka chomwecho chinaphunzitsanso kuopsa kounjika zonse pamalo amodzi. Pa 23 Disembala 2021 mzinda wa Xi'an unatsekedwa chifukwa cha Covid-19, anthu osaloledwa kutuluka m'nyumba kwa mwezi wathunthu. Ntchito m'mafakitale a BYD inasokonekera, pamene anthu ambiri anali atalipira kale ndalama zoyambira n'kumadikira Qin Plus zawo. Kampaniyo inali itayamba kale kumanga kwina, ndipo inafulumira. Fakitale ya ku Hefei m'chigawo cha Anhui inatulutsa galimoto yake yoyamba mu Juni 2022, pasanathe chaka chiyambire kumanga, ndipo galimotoyo inali Qin Plus DM-i. Lero kampaniyi ilinso ndi mafakitale a galimoto ku Shenzhen, Changsha, Changzhou, Fuzhou ya ku Jiangxi, Jinan ndi Zhengzhou, ndipo mtundu umodzi umatha kupangidwa m'malo angapo malinga ndi kufunika kwake. Choncho yankho loti Qin imapangidwa ku Xi'an ndi loona, koma si Qin iliyonse. Wofuna kudziwa za galimoto imene ili patsogolo pake ayang'ane nambala ya chasisi ya zilembo 17 imene imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo. Chilembo choyamba L chimasonyeza kuti inapangidwa ku China. Za BYD zambiri zimayamba ndi LGX kapena LC0, ndipo chilembo cha nambala 11 ndi chizindikiro cha fakitale.

Kutuluka nazo m'dziko ndi nkhani ina. Xi'an ilibe doko, koma ili ndi siteshoni yaikulu ya sitima zapamtunda zopita ku Central Asia ndi Europe kudzera ku Kazakhstan, ndipo galimoto zina zimayenda njira imeneyo. Zina zimatsikira kunyanja, kumene kuyambira Januwale 2024 BYD imagwiritsa ntchito sitima zonyamula galimoto zake, yoyamba yotenga 7,000 paulendo umodzi. Mbale wake wa Qin Plus, wogwiritsa ntchito injini ndi batire zofanana, amagulitsidwa ndi dzina la Chazor ku Uzbekistan ndi King ku Brazil. Mu 2024 kampaniyi inatsegula mafakitale ku Jizzakh m'dziko la Uzbekistan ndi ku Rayong m'dziko la Thailand, ndipo mu 2025 ku Camaçari m'dziko la Brazil. Galimoto zoyamba za ku Camaçari zinali zongolumikiza zidutswa zobwera m'makontena kuchokera ku China, ndipo opanga galimoto a ku Brazil anadandaula kwambiri, kufuna kuti boma likweze msonkho wa zidutswazo. Akufunsa BYD zimene Shanghai inafunsa Volkswagen pa Santana.

Pali mbali ina ya mtengo wotsikawu imene sindifuna kuilambalala, chifukwa imagwera anthu amene saoneka pa zithunzi za mwambo wotulutsa galimoto. Zipangizo zimene BYD sipanga yokha imagula kwa makampani masauzande, ambiri ang'onoang'ono, ndipo wogula wamkulu chotere amalamula mtengo. Mu Novembala 2024 kalata ya kampaniyi inatulukira poyera, yopempha ogulitsa zipangizo kuti atsitse mitengo ndi 10 peresenti kuyambira Januwale 2025. Kampaniyo inayankha kuti kukambirana mitengo chaka ndi chaka ndi chizolowezi cha malonda a galimoto ndipo nambalayo sinali yokakamiza. Koma mwini fakitale ya mabawuti kapena ya mapulasitiki, amene theka la katundu wake limapita kwa kasitomala mmodzi, amadziwa kuti kukana n'kutseka chipata.

Choposa pamenepo ndi kuchedwa kwa malipiro. M'malo mwa ndalama, ogulitsa ambiri ankalandira chikalata cha pa kompyuta cholonjeza kuti adzalipidwa pakapita miyezi, kudzera m'dongosolo la kampaniyo lotchedwa Dilian. Wofuna ndalama msanga, kuti alipire antchito ndi magetsi, ankagulitsa chikalatacho motsitsa. Bungwe la nkhani za malonda la Bloomberg linawerengera kuti mu 2023 BYD inkatenga masiku 275 kuti ilipire ogulitsa ake. Kunena mosabisa, makampani ang'onoang'ono ankakongoza kampani yaikulu ndalama popanda chiwongoladzanja, ndipo si BYD yokha imene inkachita zimenezi: nkhondo ya mitengo imene inayamba mu 2023 inapanikiza opanga galimoto onse, iwonso n'kupanikiza a pansi pawo. Mu Meyi 2025 BYD itatsitsanso mitengo ya mitundu 22, ina mpaka ndi 34 peresenti, boma ndi bungwe la opanga galimoto anadzudzula poyera mpikisano wowononga wotere. Lamulo loteteza makampani ang'onoang'ono pa malipiro linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2025, ndipo m'masiku otsatira makampani 17 a galimoto, BYD ili m'gulumo, analonjeza kuti azilipira pasanathe masiku 60. Patangopita milungu yochepa unduna wa zamafakitale unatsegula tsamba la pa intaneti loti ogulitsa zipangizo azikadandaulirapo ngati lonjezolo silikusungidwa.